Moyo wa m'makomboni a Lusaka pa chinsalu cha amisiri ojambula

Kale kwambiri, kusanabwere pepala kapena penti ya m'chitini, anthu a m'dera limene lero ndi kum'mawa kwa Zambia ndi pakati pa Malawi ankajambula pamiyala. M'mapanga a ku Thandwe, Mkoma ndi Kalemba, komanso m'mapiri a Chongoni ku Dedza, kumene malo 127 analembedwa ndi bungwe la UNESCO m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zithunzi za mitundu iwiri. Zofiira, za mizere, madontho ndi mikombero, makolo amati n'za Akafula, alenje aafupi amene Achewa anawapeza atafika kuchokera ku Uluwa. Zoyera, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi, n'za alimi amene anabwera pambuyo, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu.

Zithunzi zimenezi zinali za mwambo. Anamkungwi ankaphunzitsira anamwali, amuna akudambwe ankasungiramo zinsinsi zawo. Mayi wosinja pamtondo kapena mwana wokolezera moto panalibe womujambula, poti aliyense ankamuona tsiku ndi tsiku. Luso lina linali pamakoma a nyumba. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, amayi ankazira pansi ndi kupaka makoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, mvula n'kudzafufuta, chaka chamawa n'kuyambiranso.

Mwambo wokhazika munthu wamba pachinsalu, ali pa ntchito yake ya pakhomo, n'kupachika chithunzicho kuti mibadwo ione, unakula kutali ndi kuno. Limodzi mwa maiko amene unazika mizu ndi Denmark. Dzikoli linalowa m'zaka za m'ma 1800 movutika: Angerezi anaphulitsa mzinda wa Copenhagen mu 1807, chuma cha boma chinagwa mu 1813, ndipo mu 1814 linalandidwa Norway. Chodabwitsa n'chakuti m'nthawi ya umphawiyo ndi mmene luso lojambula linaphuka. Mphunzitsi wina wa ku sukulu yaikulu ya zaluso, C. W. Eckersberg, ankauza ophunzira ake kuti ajambule zimene maso awo akuona, ndipo anyamata monga Christen Købke ndi Wilhelm Marstrand anayamba kujambula abale awo, zipinda zawo ndi misewu ya kwawo. Pamene Angoni a Zwangendaba ankaoloka Zambezi mu 1835, ku Copenhagen anthu anali atazolowera kale kugula chithunzi cha banja lili pa tebulo.

Mu 1844 katswiri wa mbiri ya zaluso, N. L. Høyen, analankhula pagulu kulimbikitsa amisiri kuti apite kumidzi kukajambula alimi ndi asodzi, poti mtima wa dziko unali kumeneko. Anamumvera. Julius Exner anajambula alimi a pachilumba cha Amager, Christen Dalsgaard anajambula za m'nyumba za ku Jutland. Koma alimi a Exner amaoneka ngati tsiku lililonse ndi Lamulungu: zovala zochapa, masaya onenepa, pansi posesa. Anthu a mumzinda amene ankagula zithunzizo sankafuna kupachika njala pakhoma.

Amene analowadi m'khitchini ndi mayi. Anna Ancher anabadwa mu 1859 ku Skagen, mudzi wa asodzi kunsonga ya kumpoto kwa Denmark. Sukulu yaikulu ya zaluso sinkalandira akazi nthawi imeneyo, choncho anaphunzira pasukulu yapadera ya Vilhelm Kyhn. Pakati pa 1883 ndi 1886 anajambula chithunzi chotchedwa Pigen i køkkenet. Mtsikana wantchito waima chotifulatira, wavala malaya akuda ndi siketi yofiira, manja ali pa ntchito, dzuwa likudutsa pa nsalu yachikasu ya pawindo. Palibe chikuchitika choti munthu n'kukasimbira mnzake. Komabe patapita zaka zoposa 130, anthu akuimabe pamaso pa chithunzicho ku nyumba yosungiramo zaluso ya Hirschsprung ku Copenhagen, imene inayamba ndi zithunzi zosonkhanitsidwa ndi mwini fakitale ya fodya. Mu 1892 Erik Henningsen anapita patsogolo pang'ono: anajambula banja lotulutsidwa m'nyumba ya lendi, katundu ali pamsewu m'chisanu, wapolisi ali pambali. Munthu wa m'komboni ya Chawama ku Lusaka sangafune womumasulira chithunzi chimenecho.

Nthawi yonseyi Lusaka kunalibe. Kunali midzi ya Asoli ndi Alenje, umodzi mwa iyo wa mfumu Lusaaka. Njanji yochokera ku Livingstone inafika mu 1905, pakhala kasiteshoni, kenaka masitolo ndi mafamu a azungu. Mu 1931 boma la atsamunda linasankha malowa kukhala likulu la Northern Rhodesia, ndipo linasamukirako mu 1935. Mapulani a mzindawo anali a misewu yotakata, mitengo ndi mabwalo a maluwa, koma anakonzera azungu. Munthu wakuda ankawerengedwa ngati mlendo wodzagwira ntchito: abwere yekha ndi chitupa chake, agone m'kanyumba ka bwana, ntchito ikatha abwerere kumudzi. Nyumba zozungulira za udzu zimene zatsala ku Kabwata, zomwe lero amagulitsiramo ziboliboli, zinamangidwira amuna otere.

Anthu sanabwerere. Ankabwerabe, ambiri kuchokera ku Fort Jameson, Petauke, Lundazi ndi ku Nyasaland, ndipo pamodzi ndi apolisi amene ankagwiritsa ntchito Chinyanja anachititsa kuti chinenerochi chikhale cha mumsewu wa Lusaka. Wosowa nyumba ya bwana ankapita kwa mzungu wa famu, wa miyala kapena woumba njerwa, n'kulipira kangachepe kuti amange kanyumba pamalo pake. Maina a makomboni akusungabe eni malowo: John Laing, John Howard, Marrapodi amene anali Mtaliyana wootcha laimu, ndi George. Chawama inkatchedwa Roberts. Lamulo la 1948 linakakamiza makhonsolo kumanga nyumba za mabanja, ndipo Matero ndi Chilenje zinakula m'zaka zotsatira, koma nyumbazo sizinakwane ngakhale pang'ono. Kanyama inafalikira pathanthwe lathyathyathya la kumadzulo, pomwe madzi a mvula alibe kolowera. Kalingalinga inamera kum'mawa popanda chilolezo cha aliyense.

Nyumba ya m'komboni ya masiku amenewo inali ya mitengo ndi dothi kapena ya zidina, denga la udzu, la migolo yophwanya kapena la malata otsikiza ndi miyala. Chipinda chimodzi, mwina ziwiri, nsalu yotchinga pakati, kawindo kongokwana nkhope. Mkati munali bedi, sutikesi, mphasa ya ana, nyali ya koloboyi, ndipo kuyambira 1949 mabanja ena anali ndi kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, komwe ankamverapo nyimbo za Alick Nkhata. Zonsezi palibe anazijambula ndi penti. Azungu okonda kujambula a nthawiyo ankathamangira mathithi a Mosi-oa-Tunya, njovu ndi kulowa kwa dzuwa. Munthu wakuda akaonekamo, anali wa kumudzi, atasenza mtsuko. Komboni inali chinthu chochititsa manyazi, choyembekezera kugwetsedwa.

Ufulu wa 1964 unachotsa chitupa, ndipo anthu anakhamukira mumzinda. Kalembera wa 1963 anapeza anthu pafupifupi 123,000 mu Lusaka. Pofika 1969 anali ataposa 260,000. Boma linatsegula Mtendere mu 1967, kupereka mapuloti kuti anthu adzimangire okha. Boma lomwelo linkafunanso zithunzi, koma zake zinali za mtundu wina: mbendera, masitampu ndi ndalama, zomwe zambiri anakonza ndi Gabriel Ellison, ndi chipilala cha munthu wodula unyolo chimene chinaimikidwa mu 1974. Dziko latsopano linkafuna kudziona litaima chilili, osati litagwada pa mbaula.

Amisiri oyamba kujambula munthu wa m'tauni anachokera kumbali. Ena anali a ku Katanga, othawa nkhondo ya ku Congo, amene ankajambula pamakoma a mabawa ndi kugulitsa tizithunzi m'misewu. Ena anali olemba zikwangwani za ometa tsitsi ndi magolosale, anthu amene maina awo sanalembedwe paliponse ngakhale kuti ndiwo okha amene ntchito yawo inkaonedwa ndi anthu a m'komboni eni ake. Kenaka kunabwera Henry Tayali. Anabadwira ku Serenje mu 1943, anakulira ku Bulawayo, anaphunzira ku Makerere ku Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany, n'kudzakhala mmisiri wa pa yunivesite ya Zambia. Ambiri amamudziwa chifukwa cha chiboliboli cha wophunzira womaliza maphunziro chimene chili pa yunivesitepo, koma mphamvu zake zenizeni zili m'zithunzi zosema pathabwa n'kudinda papepala: chinamtindi cha anthu opanikizana, omwa mowa m'mabawa a khonsolo, nkhope zotopa. Tayali sanakometsere aliyense. Anthu ake ndi ambiri, ndipo aliyense akuoneka kuti ali yekha.

M'zaka za m'ma 1970 zinthu ziwiri zinachitika pamodzi. Choyamba, boma linavomereza kuti makomboni sadzachoka. Lamulo la 1974 linalola kuti malo omangidwa popanda chilolezo akonzedwe m'malo mogwetsedwa, ndipo ndi ngongole ya World Bank analambula misewu ndi kuika mipopi ya madzi ku George, Chawama, Chaisa, Chipata ndi Garden. Mwini nyumba ankalandira chikalata chokhalira pamalopo zaka 30. Munthu amene wauzidwa kuti sadzathamangitsidwa amagula simenti. Nyumba za zidina zinayamba kusanduka za mabuloko, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, china cha lendi kuseri. Chachiwiri, ku Evelyn Hone College kunali chipinda chokhala ndi makina odindira zithunzi, ndipo kumeneko kunasonkhana kagulu kotchedwa Lusaka Artists Group: Fackson Kulya, David Chibwe, Patrick Mweemba, Style Kunda, pamodzi ndi Gijsbert Witkamp wa ku Netherlands. Ambiri mwa iwo sanapite ku sukulu zapamwamba za zaluso. Ankajambula zimene ankadutsamo m'mawa popita kuntchito: msika, amayi pa mpopi, oimba, oledzera, okwera basi. Kudinda kunali ndi ubwino wake, poti thabwa limodzi linkatulutsa zithunzi zambiri, mtengo n'kutsika.

Cynthia Zukas, amene anabadwira ku Cape Town mu 1931 n'kudzakhazikika ku Zambia ufulu utangobwera, anali msana wa zambiri mwa izi, ndipo iye mwini anajambula kwambiri amayi a m'misika. Mnzake pa ntchitoyi anali Bente Lorenz, woumba mbiya ndi mbale wochokera ku Denmark. Mu 1978 kunatsegulidwa Mpapa Gallery, malo ogulitsirapo zithunzi, ndipo mu 1986 Zukas, Lorenz ndi Tayali anayambitsa Lechwe Trust kuti zithunzi zabwino zisamathere kunja kwa dziko. Tayali anamwalira chaka chotsatira, ali ku Germany.

Chuma chinali chitayamba kale kutsetsereka. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, mizere ya ufa, sopo ndi mafuta ophikira inatalika, ndipo mu 1978 madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama. Penti ndi chinsalu zinasowa m'masitolo moti amisiri ena ankajambula ndi penti ya nyumba pa matumba ndi pa mabolodi. M'nyengo yovutayi ndi mmene Stephen Kappata anadziwika. Anabadwa mu 1936 kumadzulo kwa dziko, anagwirako ntchito m'migodi ya ku South Africa, ndipo kujambula anadziphunzitsa yekha. Zithunzi zake zili ndi mawu olembedwa pansi kapena pambali, ndipo zimaseka moluma: mtsamunda atanyamulidwa pamachila, mesenjala wa boma akudzitukumula, wantchito wa m'nyumba akutumikira dona. Kappata anatsegula chitseko cha khitchini, koma inali khitchini ya bwana. Anamwalira mu 2007.

Godfrey Setti, wobadwa mu 1958, anatenga njira ina. Iye ankakonda piringupiringu wa pa siteshoni ya basi ndi wa pamsika, mitundu yowala, anthu ali pa liwiro, ndipo monga mphunzitsi anasiya ophunzira ambiri asanamwalire mu 2002. Mu 1985 kunayamba situdiyo ya Rockston, kumene achinyamata ankaphunzira kwa anzawo popanda satifiketi. Mu 1989 amisiri anapanga bungwe lawo la Visual Arts Council, lomwe likulu lake ku Showgrounds linapatsidwa dzina la Tayali. Mu June 1990 kukwera mtengo kwa ufa kunautsa zipolowe mu Lusaka, ndipo chaka chotsatira ulamuliro wa chipani chimodzi unatha. Zimene zinatsatira aliyense wa m'komboni amazikumbukira: makampani a boma kugulitsidwa, abambo kuchotsedwa ntchito, timagolosale ta tuntemba kumera pakhomo lililonse, zovala za salaula kudzaza misika, ufa kugulidwa wa pamela wongokwana chakudya chimodzi, ndi maliro a edzi amene anasiyira agogo ana amasiye. Mulenga Chafilwa ndi anzake a m'badwo umenewo anajambula mzinda umenewu, wa anthu othithikana m'minibasi ndi m'tinjira ta pakati pa nyumba. Mu 1996 nyumba ya Lusaka National Museum inatsegulidwa, ndipo zina mwa zithunzi za moyo wa m'tauni zinapeza khoma la boma.

Munthu akayang'ana zithunzi zonsezi pamodzi aona chinthu chimodzi: pafupifupi zonse zimachitikira panja. Msika ulipo, bawa ilipo, basi ilipo, mpopi ulipo. Chipinda chogona, shelefu ya mbale, mayi akusita yunifolomu ya mwana ndi simbi ya makala, izi n'zosowa. Zifukwa zake zilipo, ndipo china n'chomveka ndithu. Nyumba ya ku Denmark imamangidwa kuti munthu athawiremo chisanu miyezi yambiri, choncho moyo wonse wa banja uli mkati, pafupi ndi windo. Ku Kanyama khitchini ndi pakhomo. Mbaula ili panja, kuchapa kuli panja, kuluka tsitsi kuli panja, mlendo amalandiridwa pa kampando pansi pa mtengo wa mango. Mmisiri amene wajambula bwalo la pakati pa nyumba za lendi wajambula kale theka la moyo wa pabanja.

Koma theka linalo latsala, ndipo apa zifukwa zake sizokondweretsa. Ojambula ambiri akhala amuna, ndipo mwamuna wa m'komboni amatuluka m'mawa n'kubwera usiku. Za m'nyumba amaziona ngati za akazi. Ogula nawonso akhala akazembe, ogwira ntchito m'mabungwe akunja, mabanki ndi mahotela, anthu ofuna chithunzi chowala choti akakumbukire Africa. Msika wa tomato ndi zitenje umagulika msanga kuposa chipinda cha mdima momwe mwagona anthu asanu ndi awiri. Matenda a Exner aja sanathere ku Amager. Palinso ulemu wathu: kuchipinda kwa munthu sikulowedwa wamba, ndipo mphawi safuna kuti umphawi wake upachikidwe kumayadi.

Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo amene analowa m'nyumbazi n'kulemba zimene anaona anali alendo, ngakhale sanagwire burashi. Karen Tranberg Hansen, wobadwira ku Denmark, anayamba kufufuza za mabanja a ku Mtendere mu 1971, nabwererako kwa zaka zambiri, ndipo mu 1997 anatulutsa buku lotchedwa Keeping House in Lusaka, lofotokoza mmene amayi amayendetsera nyumba ndi ndalama zosakwana. Ann Schlyter wa ku Sweden anatsatira nyumba za ku George kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kulemba mapulani ake ndi kuona mmene zinkasinthira. Mabukuwa ali m'Chingerezi ndipo ali m'malaibulale a mayunivesite. Adzukulu a amayi amene anafunsidwa mafunsowo sawawerenga. Ena amene analowa ndi ojambula ndi kamera, monga Alick Phiri amene anali ndi situdiyo ku Kanyama. Koma pamaso pa kamera munthu amavala suti, n'kuima pafupi ndi wailesi, ngakhale yobwereka.

Amayi ojambula atayamba kuchuluka, nkhani za m'nyumba zinayamba kutuluka, ngakhale m'njira ina. Agnes Buya Yombwe amagwiritsa ntchito zizindikiro za mbusa, zomwe anamkungwi a Chibemba amaphunzitsira akwatibwi, pokamba za ukwati, nkhanza za m'banja ndi zinthu zimene anthu amaopa kutchula. Stary Mwaba, amene anayamba kujambula pophunzitsa achinyamata anzake za edzi, wajambula kwambiri ana. Mu 2018 Lechwe Trust inatsegula nyumba yake yoonetsera zithunzi ku Rhodes Park, ndipo zimene inasonkhanitsa kwa zaka zoposa 30 tsopano zili poti aliyense n'kuziona.

Pakali pano makomboni akusintha mofulumira kuposa kale. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'makomboni. Kolera inavuta ku Kanyama mu 2017 ndi 2018, inabweranso mu 2023 ndi 2024 mpaka bwalo la masewero la National Heroes linasanduka chipatala. Ku Kalingalinga, komwe amayi akhala akuphwanya miyala ndipo akalipentala ndi okhoma zidebe akhala akuyala katundu m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, malo akwera mtengo. Mabanja akugulitsa mapuloti kwa omanga maofesi ndi mashopu, n'kusamukira kunja kwa mzinda. Nyumba ya zidina ya m'ma 1960 ikugwetsedwa lero popanda ngakhale chithunzi chimodzi cha mmene munalili mkati mwake. Foni ili m'thumba la aliyense, koma zithunzi za m'foni zimapita ndi foniyo ikabedwa kapena ikafa.

Nyumba nambala 394 ku Chilenje, momwe Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, inasungidwa ndi mipando ndi ziwiya zake chifukwa munagona mtsogoleri. Nyumba za amene ankamuvotera zilibe wozisunga. Inu achinyamata amene mukuphunzira kujambula ku Evelyn Hone ndi ku Showgrounds, ambiri mwa inu mumachokera ku Matero, ku George ndi ku Mtendere komweko, ndipo simufunika chilolezo cha munthu kuti mulowe m'nyumba ya amayi anu. Pemphani agogo akhale pamene amakhala masiku onse, ndi chitenje chomwe avalacho, mujambule iwo, mbaula, ndowa ndi nsalu yotchinga ija, nyumbayo isanagulitsidwe.